Antonie van Leeuwenhoek

Antonie van Leeuwenhoek (24 Okutobala 1632 – 26 Ogasiti 1723) anali wamalonda a nsalu komanso wantchito wa khonsolo ya mzinda wa Delft m'dziko la Netherlands. Amadziwika ngati munthu woyamba kuona ndi kufotokoza tizamoyo tosaoneka ndi maso, kuphatikizapo mabakiteriya. Sanapite ku yunivesite ndipo sankadziwa Chilatini, chinenero chimene anthu ophunzira a ku Ulaya ankalembera mabuku pa nthawiyo. Komabe ankadzipangira timagalasi tokulitsa zinthu tamphamvu kuposa ta anthu ena onse a m'nthawi yake, ndipo kwa zaka 50 ankalemba makalata m'Chidatchi ofotokoza zimene waona. Makalata pafupifupi 200 anawatumiza ku bungwe la asayansi la Royal Society ku London.

Gawo lalikulu la ntchito yake linali lokhudza madzi wamba: a m'nyanja yaing'ono ya kufupi ndi kwawo, a mvula, a pachitsime, a m'ngalande ndi otsalira padenga la nyumba. Madziwo sankangowayang'ana kamodzi n'kuwataya. Ankawasunga, n'kumawaonanso tsiku ndi tsiku, nthawi zina kwa miyezi, ndipo ankalemba deti ndi zimene zasintha. Chifukwa cha chizolowezi chimenechi, makalata ake ndiwo zolemba zoyambirira zosonyeza kuti tizamoyo ta m'madzi opanda mchere sitikhala chimodzimodzi nthawi zonse: mtundu wina umayamba, umachulukana, kenako umachepa n'kusiyira malo mtundu wina.

## Ubwana ndi banja

Leeuwenhoek anabadwira ku Delft pa 24 Okutobala 1632 ndipo anabatizidwa ndi dzina loti Thonis. Bambo ake, Philips, anali woluka madengu, pamene mayi ake, Margaretha, anachokera ku banja la anthu ofulula mowa. Bambowo anamwalira mwanayo ali ndi zaka zisanu zokha, ndipo mayi ake anakwatiwanso ndi Jacob Molijn, yemwe anali wojambula zithunzi. Mnyamatayo anaphunzira sukulu ku Warmond, kufupi ndi mzinda wa Leiden, kenako anakakhala ndi mbale wa makolo ake ku Benthuizen.

Ali ndi zaka 16 anatumizidwa ku Amsterdam kukaphunzira ntchito pa sitolo ya nsalu ya William Davidson, wamalonda wochokera ku Scotland. Anakhala kumeneko zaka pafupifupi zisanu ndi chimodzi, akulemba mabuku a ndalama ndi kuphunzira malondawo. Ogulitsa nsalu a nthawi imeneyo ankagwiritsa ntchito galasi lokulitsa zinthu powerenga ulusi wa nsalu kuti adziwe ngati ili yabwino.

Mu 1654 anabwerera ku Delft, anakwatira Barbara de Mey, ndipo anatsegula sitolo yake ya nsalu. Banjali linabereka ana asanu, koma anayi anamwalira ali makanda. Amene anakula ndi mwana wamkazi mmodzi, Maria, yemwe sanakwatiwe ndipo anasamalira bambo ake mpaka imfa yawo. Barbara anamwalira mu 1666. Mu 1671 Leeuwenhoek anakwatira Cornelia Swalmius, amene naye anamwalira mu 1694.

## Ntchito za mumzinda

Mu 1660 anapatsidwa ntchito yoyang'anira chipinda chimene akuluakulu oweruza milandu a mzinda wa Delft ankakumaniramo. Udindo wake unali kutsegula ndi kutseka chipindacho, kuonetsetsa kuti ndi chaukhondo, kusonkha moto m'nyengo yozizira ndi kusunga chinsinsi cha zokambidwa. Ntchitoyi anaigwira kwa zaka pafupifupi 40, ndipo inkamupatsa malipiro okhazikika komanso nthawi yokwanira yochitira kafukufuku wake. Mu 1669 anakhoza mayeso a ntchito yoyeza malo, ndipo mu 1679 anasankhidwa kukhala woyeza migolo ya vinyo yolowa mumzindamo kuti ikhomedwe msonkho. Luso la masamu ndi miyeso limene ntchito zimenezi zinkafuna limaonekera m'makalata ake, momwe ankayesetsa kuwerengera kukula ndi kuchuluka kwa chilichonse chimene waona.

Mu 1676 akuluakulu a mzindawo anamuika kukhala woyang'anira chuma cha masiye cha wojambula zithunzi Johannes Vermeer, amene anamwalira ali ndi ngongole zambiri. Anthu awiriwa anabadwa chaka chimodzi mumzinda umodzi.

## Mamaikulosikopu ake

Maikulosikopu ya Leeuwenhoek inali yosiyana kwambiri ndi imene imapezeka m'sukulu masiku ano. Inali timapale tiwiri tachitsulo, kawirikawiri ta mkuwa kapena siliva, totalika pafupifupi masentimita asanu, tokhomereredwa pamodzi. Pakati pake ankaikapo kagalasi kamodzi kokha, kakang'ono ngati mutu wa phini. Chinthu chofuna kuonedwacho ankachibaya kapena kuchimata pa kansonga kachitsulo, ndipo kansongako kankayandikitsidwa kapena kutalikitsidwa ndi timasikuluwu. Woona ankayenera kuika chipangizocho pafupi kwambiri ndi diso, ataloza kumene kukuchokera kuwala. Akafuna kuona madzi, ankawakokera m'kachubu kagalasi kowonda kwambiri kamene ankakapanga yekha pa moto.

Pa moyo wake anapanga timagalasi toposa 500, pakuti akapeza chinthu chooneka bwino ankachisiya pa maikulosikopu yakeyake n'kupanga ina. Mamaikulosikopu ake pafupifupi khumi okha ndiwo alipo mpaka lero. Yamphamvu kwambiri mwa iwo, imene imasungidwa ku Utrecht, imakulitsa chinthu maulendo oposa 260. Mamaikulosikopu a magalasi awiri kapena atatu a m'nthawi yake ankaonetsa zinthu mwachimbuuzi akangopitirira maulendo makumi ochepa.

Njira yake yopangira timagalasi tabwino kwambiri sanaiulule kwa munthu aliyense. Mu 2021 akatswiri a ku Netherlands, ataunika mkati mwa maikulosikopu ya ku Utrecht popanda kuitsegula, anapeza kuti kagalasi kake ndi kampira kopangidwa posungunula ulusi wa galasi pa moto, njira imene Robert Hooke wa ku England anali ataifotokoza mu 1678. Chinsinsi chake chenicheni chinali luso la manja, kusankha bwino kuwala ndi kuleza mtima.

## Kudziwika ku Royal Society

Munthu amene anamudziwikitsa kwa asayansi anali Reinier de Graaf, dokotala wa ku Delft. Mu Epulo 1673 De Graaf analembera kalata Henry Oldenburg, mlembi wa Royal Society, yomuuza za mamaikulosikopu a mnansi wakeyo, ndipo anatumiza pamodzi ndi zimene Leeuwenhoek analemba zokhudza nkhungu, mbola ndi pakamwa pa njuchi, komanso nsabwe. Oldenburg anazisindikiza m'magazini ya bungweli yotchedwa Philosophical Transactions ndipo anapempha zina. Kuyambira pamenepo makalata sanaleke mpaka chaka cha imfa ya Leeuwenhoek. Ankawalemba ngati mmene munthu amayankhulira, akudumpha kuchoka pa nkhani ina kupita pa ina, koma ankasiyanitsa mosamala zimene waona ndi maso ndi zimene akungoganizira.

## Nyanja ya Berkel, 1674

Pa mtunda woyenda maola awiri kuchokera ku Delft panali nyanja yaing'ono ya madzi opanda mchere yotchedwa Berkelse Meer. Pansi pake panali matope ndi zomera zowola, ndipo inali ndi nsomba zambiri. Anthu a m'deralo ankadziwa kuti madzi ake amakhala oyera mbee m'nyengo yozizira, koma nyengo yotentha ikayamba kapena ikafika pakati, amasanduka otuwa ndipo mumayandama timitambo tobiriwira. Ku Netherlands miyezi yotentha ndi Juni, Julayi ndi Ogasiti. Anthuwo ankakhulupirira kuti kusinthaku kumabwera ndi mame amene amagwa pa nthawi imeneyo, ndipo ankawatcha mame a uchi.

M'nyengo yotentha ya 1674 Leeuwenhoek anadutsa panyanjapo mphepo ikuomba, anatunga madzi m'kabotolo, ndipo anawayang'ana pa maikulosikopu tsiku lotsatira. M'kalata ya pa 7 Seputembala 1674 anafotokoza kuti anaonamo timizere tobiriwira topiringizika mwadongosolo, tonenepa ngati tsitsi la munthu. Pakati pa timizereto pankasambira tinyama tambirimbiri: tina tozungulira, tina tooneka ngati dzira, tina tobiriwira pakati koma toyera kutsogolo ndi kumbuyo, tinanso tokhala ngati ndi timiyendo tiwiri kumutu ndi tizipsepse kumchira. Anawerengera kuti tina mwa ito tinali tating'ono maulendo oposa 1,000 poyerekeza ndi tizilombo tochepetsetsa timene anationapo pa chikhungwa cha tchizi.

Akatswiri a pambuyo pake anazindikira kuti tobiriwira pakatito tikufanana ndi Euglena, ndipo tatimiyendoto ndi tinyama totchedwa rotifer. Kwa zaka zambiri timizere topiringizikato tinkaonedwa ngati ndere za mtundu wa Spirogyra, koma akatswiri ena aposachedwa akuti tinali mabakiteriya obiriwira a gulu la cyanobacteria, amene amayandama ngati mitambo m'nyanja zokhala ndi chakudya chambiri cha zomera.

Kufunika kwa kalatayi kuli pa yankho limene inapereka. Kusintha kwa mtundu wa madzi kumene anthu ankakuona chaka ndi chaka sikunkachokera kumwamba ayi, koma kunali kuchulukana kwa zamoyo m'madzi momwemo. Masiku ano zimadziwika kuti m'nyanja za m'mayiko ozizira ndere zimachepa kuwala ndi kutentha kukachepa, zimachuluka dzuwa likayamba kuwala nthawi yaitali, zimadyedwa ndi tinyama toyandama, ndipo kumapeto kwa nyengo yotentha mabakiteriya obiriwira nthawi zambiri ndiwo amalamulira. Nyanja ya Berkel inaphwetsedwa pambuyo pake n'kusanduka minda.

## Madzi a mvula ndi a pachitsime

Chapakati pa Seputembala 1675 anapeza tinyama m'madzi a mvula amene anakhala masiku ochepa mumgolo watsopano. Mwa ito munali kena kooneka ngati belu, kokhala ndi mchira wautali umene unkakhwinyata ndi kutambasuka. Kamoyo kameneka masiku ano kamatchedwa Vorticella. Funso limene linamuvuta linali lakuti kodi tinyamato timagwa ndi mvula kapena timalowa m'madzi pambuyo pake.

Pa 26 Meyi 1676 kunagwa mvula yambiri. Poyamba anatunga madzi otsika padenga ndipo anapezamo tinyama tochepa, koma anakayikira kuti mwina tachokera m'ngalande za padengapo. Choncho anaika mbale yaikulu yadothi yotsukidwa bwino pabwalo, pamwamba pa mgolo kuti matope asathovukiremo, n'kutunga madzi ogwa mwachindunji kuchokera kumwamba. M'madzi amenewa sanaonemo chamoyo chilichonse. Anawasunga ndi kumawayang'ana kangapo tsiku lililonse. Pa 30 Meyi, patapita masiku anayi, munaoneka tinyama tochepa kwambiri. Tsiku lotsatira tinali titachuluka, ndipo munalinso tina tokulirapo. Madzi anali omwewo, chotengera chomwecho, koma okhalamo anasintha m'masiku asanu okha.

Chitsime cha pabwalo la nyumba yake chinamuonetsa kusintha kwa miyezi. Chinali chakuya pafupifupi mamita asanu, chotchingidwa ndi makoma aatali moti dzuwa silinkafikamo kwenikweni, ndipo madzi ake anali ozizira ndi oyera ngakhale kutatentha. M'nyengo yotentha ya 1675 anapezamo tinyama tambiri. M'nyengo yozizira sanationenso. Mu 1676 sitinaoneke mpaka mu Julayi, pamene tinali tochepa, ndipo mu Ogasiti tinachuluka kwambiri. Umenewu unali umboni wakuti ngakhale madzi ooneka oyera, amene anthu ankamwa, ali ndi nyengo zawo. Anaunikanso madzi a mumtsinje wa Maas ndi a m'nyanja yamchere ku Scheveningen kuti ayerekeze.

## Madzi a tsabola

Kafukufuku wake wotchuka kwambiri anayamba ndi funso lina. Ankafuna kudziwa chimene chimachititsa tsabola wakuda kuwawa palilime, ndipo ankaganiza kuti mwina ali ndi timinga ting'onoting'ono. Ananyika njere za tsabola zolemera pafupifupi magalamu 10 m'madzi kuti zifewe, n'kuzisiya kwa milungu itatu. Madziwo atachepa, anawonjezeramo kawiri madzi a chipale chosungunuka amene anawasunga m'botolo lotseka. Pa 24 Epulo 1676 anayang'ana madziwo ndipo anapeza kuti adzaza ndi tinyama ta mitundu ingapo.

Mtundu wochepetsetsa unali waung'ono moti anawerengera kuti tinyama 100 titandondozana sitingafike kutalika kwa kamchenga kamodzi kokhakhala. Akatswiri amavomereza kuti amenewa anali mabakiteriya, ndipo tsiku limeneli limatengedwa ngati loyamba pamene munthu anawaona n'kuwalemba.

Kwa milungu ndi miyezi yotsatira anapitiriza kulemba zochitika m'madzi omwewo, deti ndi deti. Masiku ena mtundu wina unkachuluka modabwitsa, masiku ena unkasowa. Patapita nthawi munabwera tinyama tooneka ngati dzira tosambira ndi titsitsi, ndipo tinachulukana kufika masauzande m'dontho limodzi. Munaonekanso tina towonda, toyenda mopindikapindika ngati mkunga. Madzi akauma kwambiri tinyamato tinkachepa, ndipo akawonjezera madzi tinkabwereranso. Anabwereza kafukufukuyu ndi tsabola wosinja, ndiponso ndi zokometsera zakudya zina monga jinja.

Zimene ankaonazo zimamveka bwino masiku ano. Chakudya chosungunuka kuchokera mu tsabola chimadyetsa mabakiteriya, amene amachulukana pogawikana pakati. Mabakiteriyawo akachuluka amasanduka chakudya cha tizamoyo tokulirapo ta selo limodzi, ndipo ito timachulukana pambuyo pawo. Pamene izi zikuchitika mpweya wa okosijeni m'madzimo umachepa, zonyansa zimachuluka, ndipo mitundu imene imapirira zimenezi imalowa m'malo mwa yoyamba ija. Gulu lililonse limasintha madziwo mwa njira imene imakonzera malo gulu lotsatira. Dongosolo lomweli limachitika m'chithaphwi, m'dziwe kapena mumtsinje mukagwera masamba kapena zinyalala.

Mu 1680 anawonjezera kafukufuku wina. Anathira tsabola wosinja ndi madzi a mvula m'machubu awiri agalasi, imodzi n'kuitseka ndi moto, inayo n'kuisiya yotsegula. Patapita masiku asanu anathyola nsonga ya chubu yotsekayo, ndipo mpweya unatuluka mwamphamvu. Ankayembekeza kuti simupezeka chamoyo, koma munali tinyama, ndipo tinali tosiyana ndi ta m'chubu yotsegula. Mu 1913 katswiri wina wa ku Delft komweko, Martinus Beijerinck, anabwereza kafukufukuyu n'kupeza kuti m'chubu yotseka mumakula mabakiteriya okhala popanda okosijeni, monga Clostridium butyricum.

## Kukayikiridwa ndi kutsimikizika

Zonse zokhudza madzi a mvula, a pachitsime ndi a tsabola za m'zaka za 1675 ndi 1676 anazilemba m'kalata yaitali ya pa 9 Okutobala 1676. Oldenburg anamasulira gawo lake m'Chingerezi n'kulisindikiza mu 1677. Mamembala ambiri a Royal Society anakayikira. Palibe wina amene anali ataonapo zamoyo zazing'ono chotero, ndipo wonenayo anali wogulitsa nsalu wokana kuonetsa njira yake. Mbiri yake yonse inali pachiswe, pakuti zikanalephera kutsimikizika, makalata ake ena onse akanaonedwa ngati nthano.

Leeuwenhoek anayankha m'njira ziwiri. Choyamba, anafotokoza mmene ankawerengera: ankagawa kadontho kofanana ndi njere ya mapira m'kachubu, n'kuwerenga tinyama ta m'gawo limodzi, kenako n'kuchulukitsa. Mwa njira imeneyi anapeza kuti dontho limodzi la madzi a tsabola likhoza kukhala ndi tinyama toposa 1,000,000. Chachiwiri, anaitana anthu asanu ndi atatu odalirika, kuphatikizapo abusa a mipingo ndi odziwa malamulo, kuti adzaone okha, ndipo anatumiza umboni wawo wolembedwa ku London.

Ku London ntchito yotsimikiza inagwera Robert Hooke, mlembi wa buku la Micrographia la mu 1665. Pa misonkhano iwiri ya kumayambiriro kwa Novembala 1677 sanathe kuonetsa chamoyo chilichonse. Pa 15 Novembala, atakonza bwino zipangizo zake ndiponso atagwiritsa ntchito madzi a tsabola amene anakhala masiku pafupifupi khumi, mamembala anationa tinyamato tikusambira. Mmodzi mwa oonawo anali Christopher Wren. Mu Febuluwale 1680 Leeuwenhoek anasankhidwa kukhala membala wa Royal Society, ngakhale kuti sanapiteko ku msonkhano wa bungweli ndi kamodzi komwe.

## Ngalande ya padenga ndi madzi a m'mifuleni

Atakalamba anabwereranso ku madzi opanda mchere. Mu 1700 anafotokoza timipira tobiriwira togudubuzika m'madzi a m'ngalande za m'minda, timene mkati mwake munali timipira tina tating'ono. Anadikira mpaka anaona tating'onoto tikutuluka n'kuyamba kusambira patokha. Kamoyo kameneka kamatchedwa Volvox. Kumapeto kwa 1702 anaunika mizu ya timasamba toyandama pamadzi a m'ngalande za mu Delft, ndipo anapeza kuti pa muzu umodzi pamakhala mitundu ingapo ya zamoyo zomatirira, kuphatikizapo kanyama ka Hydra kamene kankaphukira ana m'mbali mwa thupi lake.

Mu Ogasiti 1701 anaona kuti madzi a mvula otsalira m'ngalande ya mtovu ya padenga la nyumba yake afiira. Anapezamo timipira tofiira ndi tobiriwira tambirimbiri, komanso tinyama ta rotifer timene tinkadya timipirato. Dzuwa litaumitsa ngalandeyo, anatola fumbi lotsalalo n'kulithira madzi a mvula owiritsa, kuti asalowetsemo zamoyo zatsopano. Pasanathe ola limodzi tinyama tina tinali titatambasuka n'kuyamba kuyenda. Fumbi lina analisunga louma kwa miyezi yoposa isanu, ndipo atalinyowetsa tinyamato tinadzukanso. Zimenezi anazilemba m'kalata ya pa 9 Febuluwale 1702.

Zotsatira zimenezi zinayankha funso limene linayamba ndi mbale ya madzi a mvula ija. Anthu ambiri a nthawi yake ankakhulupirira kuti tizilombo timangobadwa tokha kuchokera m'matope kapena m'zinthu zowola. Leeuwenhoek ankatsutsa maganizo amenewa, ndipo anali atasonyeza kale kuti anankafumbwe a m'tirigu ndi utitiri zimaswa kuchokera m'mazira. Tsopano anaona kuti tizamoyo ta m'madzi tikhoza kupulumuka chilala titauma, ndipo anaganiza kuti mphepo imatinyamula pamodzi ndi fumbi. Motero dziwe likaphwa kenako n'kudzazanso, okhalamo ake amachokera ku amene anagona m'dothi ndi amene abwera ndi mphepo.

## Zina zimene anapeza

Kupatula za m'madzi, anafotokoza maselo ofiira a m'magazi mu 1674 ndi mbewu za umuna mu 1677. Mu 1681, akudwala m'mimba, anaona kachilombo kamene masiku ano kamatchedwa Giardia. M'kalata ya pa 17 Seputembala 1683 anafotokoza mabakiteriya a m'zoyera zomata m'mano, ndipo anatumiza zithunzi zosonyeza ooneka ngati timitengo, ozungulira ndi opiringizika. Anaunikanso minofu, matabwa, njere, ndi kayendedwe ka magazi m'timitsempha ta kumchira kwa mkunga. Ngakhale anaona tizilombo m'thupi la munthu, sananene kuti ndi timene timayambitsa matenda. Mfundo imeneyo inadzakhazikika patapita zaka pafupifupi 200 kudzera mu ntchito ya Louis Pasteur ndi Robert Koch.

Kutchuka kwake kunabweretsa alendo ambiri ku Delft. Wanzeru wa ku Germany Gottfried Leibniz anamuchezera mu 1676, ndipo mfumu ya ku Russia, Peter Wamkulu, inaonetsedwa magazi akuyenda mumchira wa mkunga pa ulendo wake wa ku Netherlands.

## Ukalamba ndi imfa

Anapitiriza kufufuza mpaka atakwanitsa zaka 90. Chakumapeto kwa moyo wake ankavutika ndi nthenda yogwedeza mnofu wa pansi pa mapapo, ndipo anaifotokoza mwatsatanetsatane moti madokotala anaipatsa dzina lake. Ali pafupi kumwalira anapempha mnzake, Johannes Hoogvliet, kuti amasulire makalata ake awiri omaliza m'Chilatini ndi kuwatumiza ku London. Anamwalira pa 26 Ogasiti 1723 ndipo anaikidwa m'tchalitchi cha Oude Kerk ku Delft, kumene Maria anamumangira chipilala.

Potsatira zofuna za bambo ake, Maria anatumiza ku Royal Society kabokosi ka mamaikulosikopu 26 asiliva. Kabokosiko kanasowa m'zaka za m'ma 1800. Zipangizo zotsalazo zinagulitsidwa pa okishoni mu 1747, Maria atamwalira.

## Zotsatira za ntchito yake

Popeza sanaphunzitse munthu luso lake, kafukufuku wa tizamoyo anayenda pang'onopang'ono iye atamwalira. Otto Friedrich Müller wa ku Denmark anayesa kuika tinyama ta m'madzi m'magulu m'buku lotuluka mu 1786, ndipo Christian Gottfried Ehrenberg wa ku Germany anatulutsa buku lalikulu lofotokoza za ito mu 1838, pamene mamaikulosikopu a magalasi angapo anali atayamba kuonetsa bwino. Sayansi yophunzira nyanja za madzi opanda mchere inakhazikitsidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi François-Alphonse Forel, amene anafufuza nyanja ya Geneva kwa zaka zambiri.

Pambuyo pake bungwe la asayansi la ku Netherlands linayamba kupereka mendulo ya dzina la Leeuwenhoek, pafupifupi zaka khumi zilizonse, kwa katswiri wa tizamoyo amene wachita zazikulu. Woyamba kuilandira anali Ehrenberg. Pasteur anailandira mu 1895, Beijerinck mu 1905, ndipo Sergei Winogradsky, amene anafufuza mmene mabakiteriya a m'dothi ndi m'madzi amasinthira malo awo okhala, anailandira mu 1935. Mu 1932 Clifford Dobell wa ku England, ataphunzira Chidatchi chakale kuti awerenge makalata enieniwo, anatulutsa buku limene linazindikiritsa mitundu yambiri ya tinyama timene Leeuwenhoek anatifotokoza. Mu 1981 Brian J. Ford anapeza zina mwa zitsanzo zimene Leeuwenhoek anatumiza ku London zikadali m'timaenvelopu tomatidwa ku makalata ake.

Masiku ano ofufuza a m'nyanja ndi m'mitsinje amazindikira mabakiteriya powerenga DNA yawo, ndipo mwa njira imeneyi amapeza mitundu masauzande ambiri imene siingasiyanitsidwe pa maikulosikopu. Pa nyanja ya Mendota ku Wisconsin, m'dziko la United States, madzi otungidwa mobwerezabwereza kwa zaka pafupifupi 20 asonyeza kuti mitundu yambiri ya mabakiteriya imachuluka ndi kuchepa motsatira nyengo chaka ndi chaka. Kafukufuku wotere amathandiza oyang'anira madzi akumwa kudziwiratu nthawi imene mabakiteriya obiriwira, amene ena mwa iwo amatulutsa poizoni, angachuluke. Njira yake ndi yomwe Leeuwenhoek anaitsatira pa chitsime chake mu 1675 ndi 1676: kutunga madzi pamalo amodzi mobwerezabwereza, kuwerenga zimene zilimo, ndi kulemba deti.